Tauni yawalondola anthu kumalokeshoni a Lilongwe

Munthu wokhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe masiku ano angathe kugula simenti ndi malata, kukhometsa mpando, kukonzetsa foni, kutumiza ndalama kumudzi n'kugula ndiwo zamadzulo osakwera minibasi yopita m'tauni. Zonsezi akuzipeza m'mbali mwa msewu wodutsa pa Nsungwi, pomwe mahadiweya, magolosale, mabutchala, masaluni ndi sitolo za mankhwala zandandalikana khomo ndi khomo. Zilinso chimodzimodzi ku Area 23, ku Kawale, pa Kaphiri ku Area 36, ku Chinsapo ndi ku Area 49. Zaka 20 zapitazo, zambiri mwa zinthuzi zinkafuna ulendo wa ku Old Town, kukapanikizana mumsewu wa Malangalanga kapena pa Bwalo la Njobvu.

Eni mabizinesi a m'maderawa sakungokhala pakauntala kudikira mwayi. Akuchita kuwakopa anthu oyandikana nawo kuti ndalama yawo izithera komweko, ndipo khama limeneli lasandutsa timisika takale kukhala matauni aang'onoang'ono. Ogula alipo ndipo akuchulukirachulukira. Chomwe chingaimitse matauniwa chili kunja kwa sitolo, pamalo omwe aliyense amadutsapo koma palibe amawatcha ake.

Gwero la nkhaniyi ndi mamangidwe a mzindawu. Boma litaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, zomwe zidatheka mu 1975, akatswiri adakonza Lilongwe ngati mzinda wotambasuka, wa madera otalikirana okhala ndi nkhalango ndi madambo pakati pake. Maofesi a boma adaikidwa ku Capital Hill ndi ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, malonda adatsalira ku Old Town, ndipo mapuloti a anthu opeza zochepa ambiri adagawidwa kutali ndi zonsezi. Mapulani otere amakomera munthu wagalimoto yake. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu osakwana 20 000 mu Lilongwe, wa mu 1998 adapeza oposa 440 000, ndipo wa mu 2018 adawerenga anthu 989 318. Ambiri mwa owonjezerekawo adakamanga kapena kuchita lendi ku Area 25, Mtandire, Mgona, Senti, Kauma ndi Chinsapo, ena mpaka kubzola malire a mzinda. Wamalonda amalondola komwe kwaloza mapazi a anthu, ndiye nawonso adapita komweko.

Mtunda umenewu umasanduka ndalama tsiku lililonse. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'zaka zomwezi mafuta agalimoto akhala akusowa kawirikawiri. Mafuta akasowa, mtengo wa minibasi umakwera tsiku lomwelo. Mayi yemwe wamva kuti shuga ndi mafuta ophikira zatsikako m'tauni amayamba wawerengera ulendo wopita ndi wobwerera, ndalama yomwe kondakitala afune pa katundu, komanso nthawi yodikira kuti minibasi idzaze pasiteji. Akaphatikiza zonsezi, kaphindu komwe amakalondola kamakhala katathera panjira. Golosale ya pafupi imapambana ngakhale mitengo yake itakwererako pang'ono.

Padatsegukanso mpata wina mu 2022 pomwe kampani ya Press Corporation idagulitsa sitolo za PTC, zomwe posakhalitsa zidatsekedwa. Kwa zaka pafupifupi 50 sitolozi zidali dzina lodziwika pogula buledi, mkaka ndi sopo m'matauni ndi m'maboma. Makasitomala ake sadasiye kudya. Adagawika, ndipo gawo lina lidapita kwa amalonda a m'malokeshoni.

Komatu kuyandikira pakokha sikusunga kasitomala, poti pamzere umodzi pamatha kukhala magolosale asanu ogulitsa zofanana. Apa mpomwe pagona luso la amalondawa. Chida chawo chachikulu ndi kuphwanya katundu. Amapikula thumba la ufa, chigubu cha mafuta ndi belo la shuga, n'kuzigawa m'timapepala molingana ndi thumba la munthu waganyu yemwe amalandira madzulo alionse. Ufa wa walkman, mafuta oyeza, tomato wapamulu ndi makala a m'kajumbo zimalola banja kudya lero ndi ndalama ya lero, zomwe sitolo yaikulu singachite. Pamenepa pali chowawa chomwe sichikambidwa kawirikawiri: akaphatikiza timapepalato pakutha pa mwezi, wosauka amakhala atalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba lathunthu. Akugula mwayi wolipira pang'onopang'ono, ndipo mwayiwo suli waulere.

Chida china ndi kabuku ka ngongole. Mwini golosale amadziwa yemwe amalandira pa 27, yemwe mwamuna wake ali ku Joni ndi yemwe ali ndi mbiri yozemba. Amakongoza popanda chikole kapena chiwongoladzanja, ndipo wokongolayo akalandira malipiro sangalambalale khomo lomwe lidamudyetsa pakati pa mwezi. Kabukuka kamamanga kasitomala kuposa chikwangwani chilichonse, ngakhale kagwetsanso mabizinesi osawerengeka. Nthawi yomwe mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, wokongoza paketi ya shuga lero amadzabwezeredwa ndalama yosakwanira kuoda paketi ina, ndipo mpamba umasungunuka mwini wake akuona ngati malonda akuyenda. N'chifukwa chake pamakoma a magolosale ambiri pamalembedwa mawu okaniza ngongole, pomwe kabuku kali phee pansi pa kauntala kudikira anthu osankhika.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono koma zimagwira mtima. Wamasamba amaika banyira pamulu. Okala imatsegula kusanache kuti ana asukulu apeze buledi, n'kutseka usiku anthu atabwerako kuntchito. Wahadiweya amalola mmisiri kubweza mpopi womwe sudakwane. Ena amaika zokuzira mawu pakhomo zolengeza mitengo tsiku lonse, mpaka oyandikana nawo kuiloweza pamtima. Airtel Money, yomwe idayamba mu 2012, ndi Mpamba ya TNM, yomwe idatsatira mu 2013, zidachotsa chifukwa china chachikulu chopitira m'tauni, ndipo wamalonda wochenjera amaika malo otapira ndalama pakhomo pa sitolo yake podziwa kuti wotapa sangachoke chimanjamanja. Ogulitsa zovala, makeke ndi nkhuku amaonetsa katundu pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo wakabaza wodziwika pasiteji amakatula pakhomo pa wogula.

Madera ena akula chifukwa chodziwika ndi chinthu chimodzi. Wofuna sipeya ya galimoto kapena makaniko amathamangira ku Biwi. Wofuna kanyenya ndi chisangalalo chamadzulo amadziwa Bwandilo ku Area 47. Msika wa Wakawaka umadziwika ndi zokolola zakumunda. Amalonda ofanana akaunjikana pamodzi amaoneka ngati akuphangirana makasitomala, koma zoona zake n'zakuti amakokera anthu ochokera kutali omwe amadziwa kuti akasowa chinthu pakhomo loyamba akachipeza pa lachitatu.

Kodi dera limapindulanji anthu akamagula kwawo? Apa mpofunika kusiyanitsa nkhaniyi ndi ndondomeko ya Buy Malawi, yomwe boma lidakhazikitsa mu Malichi 2016 polimbikitsa anthu kugula katundu wopangidwa m'dziko muno. Kugula pagolosale ya pafupi sikutanthauza kugula za ku Malawi. Katundu wambiri wa m'mashelefumo ndi wochokera ku South Africa, Tanzania, Zambia kapena China, ndipo gawo lalikulu la ndalama limabwerera kwa ogulitsa mopikulitsa m'tauni. Chomwe chimatsala m'deramo ndi phindu la mwini sitolo, lendi ya mwini nyumba, malipiro a mtsikana wapakauntala ndi mlonda, ganyu ya wakabaza ndi ya kalipentala wokhoma mashelefu. Si ndalama zochuluka pa sitolo imodzi, koma m'dera momwe achinyamata ambiri alibe ntchito yolembedwa, zimenezi ndizo ntchito zomwe zilipo.

Phindu likaoneka, opikisana nawo amafika. Msika wa Gateway, womwe udatsegulidwa kumapeto kwa 2014 ku Area 47, udaonetsa kuti nawonso makampani akuluakulu aona komwe mzinda ukulowera, ndipo malo omwetsera mafuta okhala ndi sitolo zawo akumangidwa m'misewu yolowera m'malokeshoni. Mpikisanowu nthawi zina umafika powawa. Mu Meyi 2023 boma lidasamutsa mokakamiza anthu othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'malokeshoni kuwabwezera kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Ena mwa amalonda a m'dziko muno adakondwera ponena kuti alendowo ankawalanda msika, pomwe mabungwe omenyera ufulu wa anthu adadzudzula mchitidwewo. Sitolo zambiri zidatsekedwa nthawi imodzi, ndipo eni nyumba omwe ankalandira lendi adamva nawo kuwawa.

Vuto lalikulu, komabe, si mpikisano. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, ndipo m'misika ya m'malokeshoniyi matopewo ndi enieni. Malo ambiri omwe lero ndi mizere ya sitolo adagawidwa ngati mapuloti a nyumba zogona. Mpanda udagwetsedwa, khonde lidasanduka okala, ndipo kutsogolo kwake kudabwera benchi, kontena ndi chiwaya mpaka m'malire a msewu. Palibe adasiya malo oimika galimoto yotsitsa katundu, zimbudzi za anthu ogula kapena potaya zinyalala. Mvula ikagwa, ngalande zodzadza mapepala apulasitiki zimalavulira madzi m'makhonde. Dzuwa likalowa, mdima umabalalitsa makasitomala omwe akadagula. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno n'kuchedwetsa kutsegulira kwa sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, udaonetsa mtengo wa uve pamalo odzadza anthu, ndipo ogulitsa zakudya zophikaphika ndiwo adayamba kuletsedwa malonda.

Khonsolo ya mzinda imatolera ndalama za ziphaso za mumsika, za malaisensi a bizinesi ndi msonkho wa malo, ndipo udindo wochotsa zinyalala ndi kukonza ngalande ndi wake. Koma mzinda wakula mothamanga kuposa galimoto zake zonyamula zinyalala. Njira yomwe boma limaidziwa bwino ndi yothamangitsa, monga lidachitira mu 2006 pa Operation Dongosolo pomwe mavenda adachotsedwa m'misewu ya m'mizinda. Patapita zaka adabwereranso, chifukwa ogula adali adakali pomwepo. Nawonso amalonda ali ndi chofooka chawo. Aliyense amasesa pakhomo pake n'kukankhira zinyalala kwa mnzake. Wina akati tisonkhe tigule babu lamumsewu kapena tilembe anyamata okumba ngalande, pamapezeka okana omwe amadziwa kuti kuwalako kukabwera kudzawaunikiranso iwo.

Vuto la okana kusonkha koma odya nawo phindu si la Lilongwe yokha, ndipo amalonda a mzinda wina adalipezera njira zaka zoposa 50 zapitazo. Mumzinda wa Toronto ku Canada, eni sitolo za m'dera la Bloor West Village adaona makasitomala akuthawira kumisika ikuluikulu yatsopano, pomwe ena ankangodutsa pansi pa msewu wawo pasitima yapansi panthaka. Zopereka zaufulu zitakanika, adapempha boma la chigawo cha Ontario kuti likhazikitse lamulo lolola khonsolo kutolera kandalama kapadera kwa mabizinesi onse a m'deralo, n'kukapereka kukomiti ya amalonda eni ake. Dongosololi lidayamba mu 1970, ndipo ndalama zoyamba zidapita ku magetsi okongoletsa msewu, maluwa ndi kulengeza malonda a deralo. Lidafalikira m'maiko ambiri. Pakati pa mzinda wa Cape Town ku South Africa lidayamba mu 2000, ndipo kumeneko ndalamazo zimalipira alonda ndi osesa oonjezera pa omwe khonsolo imapereka.

Maziko a mgwirizano wotere ku Lilongwe alipo kale. Misika ili ndi makomiti ake, mabanja ndi masitolo amasonkherana ndalama zolipira achitetezo oyendera usiku, ndipo amayi ambiri amalonda ali m'magulu a banki m'khonde momwe ndalama imawerengedwa pamaso pa aliyense. Chovuta chingakhale kukhulupirirana. Wamalonda yemwe amadula kale chiphaso tsiku ndi tsiku koma akuona mulu wa zinyalala pakhomo pake sangalandire msonkho wina ndi manja awiri, pokhapokha ataona ndi maso komwe ndalamayo yapita.

Palinso phunziro lina lochokera kumizinda yomwe idayesa njirayi. Kumeneko madongosolowa akhala akudzudzulidwa kuti eni nyumba ndi eni sitolo zikuluzikulu ndiwo amalamula, ndipo dera likayera, oyamba kuthamangitsidwa amakhala ogulitsa m'mbali mwa msewu. Pa Nsungwi kapena pa Kaphiri zotere zingakhale kudzitema nkhwangwa pamwendo. Mayi wa tomato ndi usipa yemwe wayala pafupi ndi khomo la hadiweya ndiye amaimitsa anthu otsika minibasi madzulo, ndipo ena mwa oimawo ndiwo amakumbuka kuti kunyumba kukufunika babu, loko kapena misomali.