Akana ndalama, akufuna mapiri awo

Kodi pali munthu amene angakane ndalama zoposa $1 biliyoni pomwe denga la nyumba yake likudontha ndipo ana ake akusowa ntchito? Ambiri anganene kuti woteroyo mutu sukumuyendera bwino. Komatu anthu otere alipo.

Awa ndi a mtundu wa Lakota pamodzi ndi abale awo a mafuko ena a Sioux m'dziko la America. Mu 1980 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti boma lidawalanda mapiri a Black Hills ndipo liwapatse chipukuta misozi. Iwo adakana kulandira ndalamazo, moti mpaka lero zili m'manja mwa boma komwe zikungoswana. Yankho lawo silidasinthe: mapiriwo sadawagulitse ndipo sali pamalonda.

Kuti timvetse kuuma mtima kotereku tiyenera kubwerera mmbuyo, nthawi yomwe makolo awo ankalimbana ndi asilikali a boma.

Eni nthaka

Amene adaonerapo mafilimu a makauboyi akukumbukira anthu ovala nthenga kumutu, okwera mahatchi popanda chishalo, omwe mufilimu amangokhalira kuomberedwa. Azungu adawatcha "Indians", koma si amwenye ochokera ku India ayi. Ndi eni nthaka omwe azunguwo adawapeza ku America.

A Lakota ankakhala m'zigwa zikuluzikulu za udzu, m'madera omwe lero ndi South Dakota, North Dakota, Nebraska, Wyoming ndi Montana. Moyo wawo udali pa njati za kumeneko, zaubweya wambiri komanso zalinunda, zomwe zidalipo mamiliyoni ankhaninkhani. Nyama yake inali ndiwo, chikopa chinali chofunda ndi nyumba, mafupa ankasema zipangizo. Njati zikasamuka, mudzi wonse unkazula mahema n'kuzitsatira.

Pakati pa zigwazo pali mapiri a mitengo ya paini omwe ukawaonera patali amaoneka akuda. M'chinenero chawo amawatcha Paha Sapa. Kumeneko ndi komwe ankakapemphera ndi kusala kudya pofuna masomphenya. Nawonso adali anthu ankhondo, ndipo pofutukula dziko lawo adakankha mitundu ina monga a Crow. Ichi n'chifukwa chake nkhondo itavuta, a Crow ena ankalondolera njira asilikali a boma.

Zidayamba ndi ng'ombe

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo omwe adayamba kudutsa m'dziko la a Lakota pa ngolo m'zaka za m'ma 1840 sadakamuke. Ankangochulukirachulukira, ziweto zawo zikumaliza msipu, njati zikuthawa.

Mu Ogasiti 1854 ng'ombe ya mmodzi mwa apaulendowo idasochera n'kulowa m'mudzi wina pafupi ndi kampu ya asilikali ya Fort Laramie. Mlendo wina wa m'mudzimo adaipha ndipo anthu adadya. Mfumu Conquering Bear idati ilipira hatchi kuti mlandu uthe, koma msilikali wachinyamata John Grattan adapita kumudziko ndi anzake 29 komanso womasulira kuti akagwire wopha ng'ombeyo. Zokambirana zitavuta, asilikali adaombera mfumuyo. Anthu ake adawakhamukira ndipo gulu lonse la Grattan lidathera pomwepo.

Chaka chotsatira mkulu wa asilikali William Harney adabwezera pothira nkhondo mudzi wina pa mtsinje wa Blue Water ku Nebraska, komwe adapha anthu 86 kuphatikizapo amayi ndi ana. Kuchokera apo kukhulupirirana kudatha.

Red Cloud agonjetsa boma

Golide atapezeka ku Montana, azungu adatsegula njira ya Bozeman yomwe idadutsa pakati pa malo abwino osakako njati. Pofika mu 1866 boma lidali litamanga makampu atatu a asilikali m'njirayo. Mtsogoleri wa fuko la Oglala, Red Cloud, adasonkhanitsa ankhondo a Lakota, Cheyenne ndi Arapaho n'kuyamba kuvutitsa makampuwo usana ndi usiku.

Pa 21 Disembala 1866 kagulu ka anyamata kadanamizira kuthawa pafupi ndi kampu ya Fort Phil Kearny. William Fetterman ndi anthu ake adakathamangitsa mpaka kuseri kwa chitunda, osadziwa kuti ankhondo mazanamazana adabisala kumeneko. Anthu onse 81 a gulu lake adaphedwa.

Boma lidaona kuti nkhondoyo ikudya ndalama zambiri ndipo lidapempha mtendere. Red Cloud adakana kusaina kalikonse kufikira asilikali atachoka. Adachokadi, ndipo makampuwo adatenthedwa.

Pangano la ku Fort Laramie la 1868 lidapereka kwa a Lakota ndi abale awo chigawo chonse cha South Dakota wa lero cha kumadzulo kwa mtsinje wa Missouri, kuphatikizapo Black Hills, kuti chikhale chawochawo popanda wowasokoneza. Ndime 12 ya panganolo idanena kuti palibe gawo la malowo lomwe lingaperekedwe kwa wina pokhapokha amuna atatu mwa anayi alionse atasainira. Ndime imeneyi ndi yomwe idadzakhala mtima wa mlandu wonse.

Golide asokoneza pangano

Panganoli lidalemekezedwa zaka 6 zokha. Mu 1873 chuma cha America chidagwa, mabanki adatsekedwa ndipo anthu ambiri adachotsedwa ntchito. Mu 1874 boma lidatuma George Armstrong Custer ndi anthu pafupifupi 1,000 kukayendera Black Hills. Pagululo padali akatswiri a miyala omwe adapeza golide pa kamtsinje ka French Creek. Nyuzipepala zidaifalitsa nkhaniyo ndipo ofuna kulemera msanga adathamangirako mwa unyinji.

Mu 1875 boma lidati ligula mapiriwo pa $6 miliyoni kapena lizilipira lendi ya $400,000 pachaka. Mafumu adakana. Apa mtsogoleri wa dzikolo Ulysses Grant ndi akuluakulu a asilikali adagwirizana zosiya kuletsa okumba golide kulowa m'mapirimo. Kenaka kudatuluka lamulo loti onse omwe ankakhala kutali ndi maofesi a boma akadzionetse pofika pa 31 Januwale 1876, apo ayi atengedwa ngati adani.

Imeneyi idali nyengo ya chisanu choopsa, njira zonse zitakwiririka ndi chipale. Ena uthengawo udawapeza mochedwa, ena adangounyozera. Boma lidapeza chifukwa chotumizira asilikali.

Tsiku la Custer

Omwe adakana kukhala m'manja mwa boma adasonkhana kwa Sitting Bull, mtsogoleri komanso munthu wa mizimu wa fuko la Hunkpapa. Dzina lake lenileni ndi Tatanka Iyotake, kutanthauza njati yaimuna yokhala pansi. Kumayambiriro kwa Juni 1876, pa mwambo wovinira dzuwa, iye adaona masomphenya a asilikali akugwera m'mudzi chadodolido ngati ziwala. Anthu ake adalimba mtima.

Pa 17 Juni katswiri wa nkhondo Crazy Horse adatchingira gulu la George Crook pa mtsinje wa Rosebud mpaka lidabwerera mmbuyo. Patangotha sabata, pa 25 Juni, Custer adafika pa mtsinje wa Little Bighorn ku Montana ndi asilikali a pa mahatchi oposa 600 a gulu la 7th Cavalry. Kutsidya kudali chimudzi cha anthu pafupifupi 7,000.

Poopa kuti anthuwo amuthawa, Custer sadadikire magulu ena omwe adali m'njira. Adagawa asilikali ake patatu. Gulu la Marcus Reno lidayamba kuombera mbali imodzi ya mudziwo koma lidabwezedwa n'kuthawira paphiri. Custer adazungulira mbali ina ndi anthu pafupifupi 210, ndipo ankhondo a Lakota ndi Cheyenne adamuzinga. Palibe ndi mmodzi yemwe wa gulu lakelo adatsala wamoyo. Onse pamodzi, mbali ya boma idataya anthu 268.

Uthengawu udafika m'mizinda ikuluikulu dziko lili pa chisangalalo chokumbukira kuti latha zaka 100 lili pa ufulu wodzilamulira. Chisangalalo chidasanduka mkwiyo, ndipo kupambana kwa a Lakota kudawaitanira tsoka.

Gulitsani kapena mufe ndi njala

Mu Ogasiti 1876 nyumba ya malamulo idalamula kuti omwe ankakhala pa maofesi a boma asalandirenso chakudya kufikira atapereka Black Hills. Anthuwa adalandidwanso mfuti ndi mahatchi ambiri, moti sakadatha kukasaka. Ngakhale zidali choncho, amene adasaina adali pafupifupi mmodzi yekha mwa amuna 10 alionse, kutalitali ndi chiwerengero chomwe ndime 12 inkafuna. Boma silidasamale zimenezo. Pa 28 Febuluwale 1877 lidakhazikitsa lamulo lotenga mapiriwo.

Asilikali adapitiriza kusaka otsalawo m'chisanu, kutentha mahema ndi chakudya chawo. Crazy Horse adadzipereka mu Meyi 1877, ndipo pa 5 Sepitembala chaka chomwecho adabayidwa ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti ku Fort Robinson pomwe ankakana kulowa m'chitokosi. Sitting Bull adathawira ku Canada, koma njala idamubweza ndipo adadzipereka mu Julayi 1881.

Njalayo idadza kaamba koti njati zidali zikutha. Alenje achizungu ankazipha mwa masauzande, kusenda zikopa n'kusiya nyama ikuola. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 njati zam'tchire zidatsala zosakwana 1,000. Mtundu wa alenje udasanduka woima pamzere kudikira ufa ndi nyama ya boma.

Maliro a ku Wounded Knee

Mu 1889 boma lidadulanso malo otsalawo kukhala timadera ting'onoting'ono, ndipo chakudya chogawa chidachepetsedwa. Anthu atasowa pogwira adalandira chiphunzitso cha mneneri Wovoka wa mtundu wa Paiute, choti akamavina gule wa mizimu akufa adzabwerera, njati zidzadzazanso zigwa ndipo mavuto adzatha. Akuluakulu a boma adaona guleyo ngati kukonzekera nkhondo ndipo adaitanitsa asilikali.

Pa 15 Disembala 1890 apolisi a boma, omwe adali a Lakota anzake, adapita kukagwira Sitting Bull kunyumba kwake. Padabuka chipolowe ndipo iye adaomberedwa. Ena mwa anthu ake adathawira kwa mfumu Spotted Elk, yomwe azungu ankaitcha Big Foot. Mfumuyi, ikudwala chibayo, idanyamuka ndi anthu pafupifupi 350 kulowera ku Pine Ridge kukabisala kwa Red Cloud.

Gulu la 7th Cavalry, lomwe lija la Custer, lidawapeza m'njira n'kuwagoneka pa kamtsinje ka Wounded Knee litawazinga ndi mizinga inayi. Mmawa wa pa 29 Disembala, asilikali akulanda mfuti, mfuti imodzi idalira. Zomwe zidatsatira sizidali nkhondo. Mizinga idalavula moto pa mahema, ndipo amayi ndi ana omwe ankathawa adathamangitsidwa n'kuphedwa, mitembo ina n'kukapezeka pa mtunda wa makilomita angapo.

Olemba mbiri ambiri amati a Lakota pakati pa 250 ndi 300 adafa. Mitembo 146 idakwiriridwa m'dzenje limodzi. Asilikali 25 adafanso, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za anzawo. Mkulu wa asilikali m'chigawocho Nelson Miles adadzudzula kuphaku ndipo adaimitsa ntchito James Forsyth yemwe ankatsogolera gululo, koma boma lidamubwezera paudindo. Asilikali pafupifupi 20 adalandira mendulo yapamwamba kwambiri m'dzikolo. Mu 1990 nyumba ya malamulo idati ikumva chisoni ndi zomwe zidachitikazo, koma mu 2025 boma lidalengeza kuti mamendulowo salandidwa.

Mlandu suola

Mapiri aja adalemeretsa ena. Mgodi wa Homestake wokha udatulutsa golide woposa matani 1,000 usadatsekedwe mu 2002. Pakati pa 1927 ndi 1941, pa thanthwe lomwe a Lakota ankalitcha Agogo Asanu ndi Mmodzi padasemedwa nkhope za atsogoleri anayi a America, ndipo malowo, Mount Rushmore, amakopa alendo oposa 2 miliyoni pachaka. Koma ku Pine Ridge, mtunda wosatalika kuchokera pamenepo, ndi limodzi mwa madera osaukitsitsa m'dziko lonselo.

A Lakota atasiya mfuti adatenga mapepala. Mlandu wawo udalowa m'khoti mu 1923 ndipo udayenda zaka 57. Pa 30 Juni 1980 majaji 8 mwa 9 a khoti la Supreme adagwirizana kuti malowo adachita kulandidwa. Adavomereza mtengo wa $17.1 miliyoni kuphatikizapo chiwongola dzanja kuyambira 1877, zonse pamodzi n'kupitirira $100 miliyoni. Pofika 2011 ndalamazo zidali zitadutsa $1 biliyoni.

Alipo ena pakati pawo omwe amati ndi bwino kungolandira poti umphawi wafika posauzana. Koma makhonsolo a mafukowo akhala akukana. Iwo amati kulandira ndalamazo n'chimodzimodzi kuvomera kuti malonda adachitika, ndipo mlandu wa malo ungathere pomwepo. Amatinso ndalamazo zitagawidwa kwa anthu masauzande ambiri, aliyense angapeze zongodya chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe nthaka imadyetsa ndi zidzukulu zomwe.

M'zaka za m'ma 1980 phungu Bill Bradley adabweretsa bilu yoti gawo la mapiriwo lomwe lili m'manja mwa boma libwezedwe kwa eni ake, koma siidadutse. Zomwe zasintha ndi maina. Mu 1991 dzina la Custer lidachotsedwa pa malo a nkhondo ya Little Bighorn, ndipo mu 2016 phiri lalitali kwambiri ku Black Hills, lomwe linkadziwika ndi dzina la Harney uja, lidatchedwa Black Elk Peak polemekeza munthu wa mizimu wa Lakota yemwe adaona ndi maso nkhondo ya Little Bighorn komanso maliro a ku Wounded Knee.

Kusintha dzina si kubweza malo, ndipo a Lakota akudziwa zimenezo. Iwo akuloza ndime 12 ya pangano la 1868 n'kumafunsa boma kuti liwaonetse pomwe amuna atatu mwa anayi alionse adasainira. Paja mlandu suola.