Gitala nayo ili ndi ulendo wake

Bandi ikaitanidwa kunja, anthu amaona zithunzi za oyimba ali pabwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka, kenako n'kudzawaonanso ali pansanja ku Johannesburg kaya ku London. Zapakatipo ndiye ntchito yanga. Ndimaonetsetsa kuti gitala, kiyibodi, ng'oma ndi nthambo zonse zafika kuphwando zili bwinobwino, ndipo zabwereranso kumudzi. Ambiri amayesa ndi ntchito yongosenza mabokosi. Kusenzako kulipo ndithu, koma ntchito yeniyeni imachitikira kunyumba kukadali masabata angapo, ndipo zida zake ndi sikelo, tepi yoyezera ndi cholembera.

Woyimba aliyense ndimayamba ndamufunsa kuti: "Achimwene, pa zida zanuzi, n'chiti chomwe sitingakachipeze komwe tikupitako?" Zimkuzamawu, mikisa, ng'oma za bandi ndi maampulifaya zili paliponse. Zimenezi sitinyamula. Timazilemba pakalata yomwe pantchito yathu timaitcha rider, n'kutumiza kwa okonza phwando kuti akatibwerekere komweko, mtundu wake ndi kukula kwake zolembedwa momveka. Chokwera ndege ndi chokhacho chomwe chili ndi mawu anu: gitala yomwe dzanja lanu linazolowera, timabokosi topondapo tosinthira kamvekedwe, kompyuta yomwe muli nyimbo. Taganizirani babatoni ya Madalitso Band, chida chachitali cha nsambo imodzi chopangidwa pamanja. Ngakhale mutayenda Ulaya yense simungaipeze yobwereka. Chida chotere n'choyenera kuchilipirira ndalama iliyonse, pamene kunyamula sipika kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Berlin n'kutaya ndalama dala.

Tikasankha zonyamula, timapita pasikelo. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi m'kalasi ya anthu wamba. Mukapitirira pamenepo mumalipira, koma pa makilogalamu 32 ndiye pothera: chikwama chimodzi chikaposa apo, m'mabwalo ambiri sachilandira ngakhale mutatulutsa ndalama. Lamuloli limateteza msana wa munthu amene amakweza katundu ndi manja mkati mwa ndege, atagwada m'kachipinda komwe sangathe kuimirira. Ine ndimalilemekeza. Palinso muyeso wa kukula: mulitali, mulifupi ndi msinkhu mukaziphatikiza zisapose masentimita 158. Kiyibodi yaikulu ikalowa m'bokosi lake lolimba imapitirira muyeso umenewu mosavuta, ndiye kampani iyenera kudziwitsidwa pogula tikiti. Pakauntala m'mawa wa ulendo si malo okambirana. Mayi amene ali pamenepo sanalembe malamulowo, ndipo kumbuyo kwanu kuli mzere.

Muzifunsanso kuti ndege yake ndi yotani. M'chigawo chathu chino maulendo ena amayenda ndi Boeing 737, ena ndi Q400 ya mapulopela, ndipo m'timakabati ta pamwamba pa mipando m'ndege yaing'onoyi simungalowe gitala. Amene amadalira kuti alowa nayo mkati amakaipereka pakhomo la ndege ili m'thumba lansalu chabe, n'kukaikidwa pansi limodzi ndi masutikesi. Ku America nkhaniyi inafika mpaka m'malamulo. Mu 2009 woyimba wa ku Canada, Dave Carroll, anaimba nyimbo yodandaula za gitala yake yomwe inathyoka paulendo, ndipo anthu mamiliyoni anaionera pa YouTube. Lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito kumeneko mu 2015 limakakamiza makampani a ndege a dzikolo kulola chida chaching'ono mkati ngati malo alipo. Kwathu kuno, ndi m'maiko ambiri, kampani iliyonse ili ndi zake. Njira yotsimikizika ndi kugulira chidacho mpando wakewake, chikhale pawindo chitamangidwa lamba.

Gitala ikamapita pansi, ndimaimanga ndekha. Malo omwe imathyokera kawirikawiri ndi pakhosi, pomwe payambira mutu wokungira nsambo. Bokosi likagwa, mutu uja umakankhika ndi kulemera kwake komwe, thabwa n'kung'aluka, kunja bokosi likuoneka labwinobwino. Ndiye ndimafewetsa nsambo pang'ono, n'kutenga malaya akale kukulunga mutuwo pansi ndi pamwamba mpaka usagwedere m'pang'ono pomwe. Ndikatseka ndimaligwedeza bokosilo pafupi ndi khutu. Ndikamva kanthu kakuti gobedegobede, ndimatsegulanso.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinyengerera nacho munthu, kaya ndi wotchuka chotani: mabatire a lithium. Ali m'maikolofoni opanda nthambo, m'makamera, m'magetsi a pansanja ndi m'mapawabanki. Batire yotere ikaphwanyika kapena mitu yake ikakhudzana ndi chitsulo, imatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Mkati mwa ndege ogwira ntchito auona msanga motowo n'kuthana nawo, koma pansi pomwe pali katundu palibe munthu. N'chifukwa chake mabatire apadera onse amayenda m'chikwama cha m'manja, aliyense m'kathumba kake kapena mitu yake itamatidwa tepi. A mphamvu yosaposa 100 Wh amaloledwa. A pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ndipo apadera sapitirira awiri pa munthu. Oposa apo sakwera ngati katundu wa wapaulendo. Ngati pabatirepo sanalembe Wh, chulukitsani mavoti ndi ma Ah. Zophulitsa pansanja ndi parafini wa anyamata oseweretsa moto, zimenezo n'zokagula komweko. Mikondo ndi nkhwangwa za ovina zimapita pansi, limodzi ndi mapulayala odulira nsambo.

Chomwe chimadabwitsa magulu a zachikhalidwe ndi choti ng'oma imafunsidwa mafunso kuposa kiyibodi. Kwa ife ndi ng'oma, koma kwa woyang'anira pachipata cha dziko la eni ndi mtengo ndi chikopa cha nyama, zomwe zingabweretse tizilombo kapena matenda a ziweto. Maiko ngati Australia salekerera pa zikopa zosafufuta ndi mitengo yofumbwa. Komanso pali pangano la CITES loteteza nyama ndi mitengo yomwe ikutha. Chikopa cha ng'azi kapena cha nsato, mnyanga wa njovu, nthenga za mbalame zina pa zovala zovinira, zonsezi zingakodwe. Kuno kwathu zilolezo zake zimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Ngakhale magitala anakodwapo: mu 2017 mitengo ya rosewood inalowa pamndandanda, ndipo zida zoyimbira zomalizidwa kale zinamasulidwa mu 2019, kupatula za rosewood ya ku Brazil. Langizo langa kwa osema ng'oma zopita kunja ndi loti agwiritse chikopa cha ng'ombe kapena cha mbuzi, chopalidwa bwino, ndipo gulu lidziwe dzina la mtengo womwe anasemera.

Ng'omayo ikafika, vuto lina limayamba. Kunja kukazizira kapena kukachita chinyontho chikopa chimalefuka, ndipo m'holo ya ku Ulaya palibe amene angakuloleni kukoleza moto woti muwambire. Ine pa rider ndimalemberatu hita yaing'ono yamagetsi. Polemba zamagetsi ndimaonanso mapulagi: athu a mano atatu amakona amalowa ku Britain, koma ku South Africa masoketi ndi a mano obulungira, ndipo ku America magetsi ndi a mavoti 120 pamene athu ndi 230.

Za msonkho musazinyozere. Maiko monga South Africa ndi Britain ali m'dongosolo la ATA Carnet, kabuku kolola katundu wantchito kulowa kwa kanthawi popanda msonkho, komwe kamagwira ntchito chaka chimodzi. Kaya muli nako kaya mulibe, mndandanda wa zida ndi wofunika: dzina, mtundu, nambala yake ya kufakitale, mtengo wake, ndi chithunzi. Kauonetseni kwa a MRA musananyamuke, kuti pobwerera pakhale umboni woti kiyibodiyo munachoka nayo, simunaigule kunja. Zimandiwawa kuona woyimba akufunsidwa msonkho pa chida chomwe wakhala akuimbira kutchalitchi kwawo kuyambira kale.

Nanga chida chikasweka? Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa, poti amayembekezera kuti kampani iwagulira china. Pa maulendo omwe amatsata pangano la Montreal la 1999, chipukutamisozi cha katundu chili ndi malire, omwe kuyambira kumapeto kwa 2024 ndi 1,519 SDR, pafupifupi madola 2,000 a ku America. Ndalamayi ndi ya munthu mmodzi, osati chikwama chimodzi. Komwe kukugwirabe pangano lakale la Warsaw amawerengera makilogalamu, ndipo gitala ndi yopepuka. Choncho ndimagawa zida zodula pa mayina a anthu osiyanasiyana m'gulu, ndipo chida chamtengo wapatali chimafuna inshuwalansi yakeyake. Katundu akangotuluka palamba, timatsegula bokosi lililonse pomwepo, ngakhale galimoto ikudikira panja. Pakapezeka chovuta timajambula, n'kupita kudesiki ya katundu kukadzaza fomu ya PIR yofotokoza vutolo tisanatuluke m'bwalomo. Pangano la Montreal limapereka masiku 7 oti mulembe dandaulo la katundu wowonongeka ndi 21 la wochedwa, ndipo fomuyo amaifunira limodzi ndi timapepala ta manambala timene anakumatirani kuseri kwa chiphaso chokwerera ndege.