Msewu wa ku Chadiza ndi masewera oloza chala

Mu 2012 boma la Michael Sata linakhazikitsa ntchito ya misewu ya Link Zambia 8000, ndipo msewu wochoka ku Chipata kupita ku Chadiza unali pamndandanda. Kwa zaka zambiri ntchito inkayamba n'kuima, anthu akumeza fumbi m'chilimwe, galimoto zikutitimira dzinja.

Ine chimene ndimachita nacho chidwi ndi momwe mlandu umayendera. Phungu amati misewu ikuluikulu ndi ya RDA, bungwe la boma loona za misewu. A RDA amati Unduna wa Zachuma sunatumize ndalama. Kontrakita amati sanalipidwe. Aliyense akunena zoona pang'ono, ndiye kumugwira bodza n'kovuta.

Zipani nazo n'chimodzimodzi. Dziko litalephera kubweza ngongole mu Novembala 2020, mu ulamuliro wa Edgar Lungu wa chipani cha PF, a UPND, amene analowa m'boma pambuyo pake, anapeza yankho la funso lililonse: ngongole za PF. A PF, ufa utakwera mtengo, anaiwala msanga kuti anakongola ndi iwo. Chilala cha 2024 chinabwera ngati mboni yosayankhula, aliyense n'kuchisenzetsa zake.

Kumene ndikuona kuti pothawira pachepa ndi pa CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu. Mu 2022 boma la Hakainde Hichilema linaikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Mjigo ukapanda kukumbidwa ku Chadiza, funso lipite kwa phungu, khonsolo ndi komiti ya CDF, anthu amene timakumana nawo pamaliro.