Mawu Opangidwa ndi Otsatira Nthano za Makono: Chiyambi Chake ndi Mikangano Yake

Gulu lililonse la anthu amene akhalira pamodzi nthaŵi yaitali pa chinthu chimodzi limadzipangira mawu akeake. Asodzi ali nawo awo, osula zitsulo ali nawo awo. Nkhani ino ikufotokoza za gulu lina limene akatswiri a ziyankhulo za Chibantu sadalipatse chidwi chokwanira, ndilo la anthu okonda mabuku, mafilimu ndi oimba, amene sakhutira ndi kuŵerenga kapena kuonera kokha, koma amalembanso nthano zawo pogwiritsa ntchito anthu a m'nthano za eni ake. Lero ambiri a iwo amakumana pa intaneti, komabe ena mwa mawu awo ofunika adabadwa intaneti isanadze.

Mu December 1893 Arthur Conan Doyle adapha Sherlock Holmes pa mathithi a Reichenbach m'nkhani imene idatuluka m'magazini ya Strand. Oŵerenga adadandaula kwambiri, ndipo mu 1903 mlembiyo adamuukitsa. Mu 1911 Ronald Knox, amene pambuyo pake adadzakhala wansembe, adaŵerenga ku Oxford nkhani yanthabwala yosanthula zolemba za Holmes monga momwe akatswiri amasanthulira Malembo Oyera. Kuchokera m'mwambo umenewo, otsatira Holmes adayamba kutchula nkhani zazifupi 56 ndi mabuku 4 a Doyle kuti canon, liwu limene m'mipingo limatanthauza mndandanda wa mabuku ovomerezeka a m'Baibulo. Tsono liwu lotere silingakhale lopanda mnzake. Pamene pali chovomerezeka payenera kukhalanso chosavomerezeka, kotero kuti m'mbuyo muno mudadza liwu lakuti fanon, lopangidwa posakaniza fan ndi canon, lotchulira zinthu zimene otsatira ambiri amazikhulupirira ngakhale mwini nthano sadazilembe. Mikangano yochuluka ya magulu ameneŵa imagona pa malire a mawu aŵiriŵa.

Filimu ya pa kanema yotchedwa Star Trek idayamba ku America mu 1966, ndipo mu 1967 otsatira ake adasindikiza kamagazini kawo kotchedwa Spockanalia. M'zaka za m'ma 1970 ena mwa olemba m'timagazini totere, ambiri mwa iwo akazi, adayamba kulemba nthano zoika Kirk ndi Spock m'chikondi, nalemba maina awo motere: K/S. Kamzere kopendekeka kapakatipo m'Chingerezi ndi slash, ndipo posapita nthaŵi liwulo lidasanduka dzina la mtundu wonse wa nthano za chikondi cha amuna aŵiri. Apa chizindikiro cha m'kalembedwe, chimene poyankhula sichimveka n'komwe, chidabala dzina. Mpaka lero olemba ameneŵa amasiyanitsa kamzereko, kosonyeza chikondi, ndi chizindikiro cha &, chosonyeza ubwenzi chabe kapena ubale, ndipo wosokoneza ziŵirizi amadzudzulidwa.

Liwu lofunika kulisanthula mofatsa ndi lakuti ship. Lidachokera kwa otsatira The X-Files, imene idayamba mu 1993. Amene ankafuna kuti Mulder ndi Scully akondane ankatchedwa relationshippers, kenaka shippers. Owatsutsa ankadzitcha NoRomos. M'Chingerezi -ship ndi mphatikiram'tsogolo wopangira maina, monga m'mawu akuti friendship, ndipo payekha sayima. Otsatiraŵa adataya tsinde lonse, nasunga mphatikiriyo, namuyesa dzina, kenaka mneni. Popeza m'Chingerezi muli kale liwu lina lomveka chimodzimodzi lotanthauza sitima yapamadzi, mafanizo a panyanja adaloŵerera: chikondi chimene mwini nthano wachivomereza amati chanyamuka ulendo, chimene wachikana amati chamira. Mawu aŵiriŵa alibe ubale pa chiyambi chawo, koma oyankhula adawakwatitsa okha.

Wodziŵa Chicheŵa aona msanga kuti chiyankhulo chake chikadayenda njira ina. Dzina lobwereka silisanduka mneni popanda kuvala ku- ndi -a, monga zidachitikira ndi kusapota. Komanso kubwerekako sikukadafunika, pakuti tanthauzo lonse la mneni wa Chingereziyo likupezeka m'misintho iŵiri: wochitirana, -an-, ndi wochititsa, -its-. Kukonda kumabala kukondana, ndipo kukondana kumabala kukondanitsa, monga momwe kuyanjana kumabalira kuyanjanitsa. Larry Hyman ndi Sam Mchombo, polemba za tsinde la mneni wa Chicheŵa mu 1992, adaonetsa kuti misintho iŵiriyi imatha kutsatana mbali zonse ziŵiri. Choncho kukondetsana ndi kukondanitsa ndi zinthu zosiyana: m'koyambako anthu aŵiri amachititsana kukonda chinthu, m'kwachiŵiriko munthu wachitatu ndiye amachititsa aŵiriwo kukondana. Wachitatuyo ndiye wotsatira, amene wadzipatsa udindo wa nkhoswe popanda womutuma. Kunoko luso lofanana nalo limaoneka kwambiri pakati pa ochemerera mpira: ku Blantyre Nomads idafupikitsidwa niloŵa m'gulu la Li-Ma- kukhala Manoma, ndipo ochemerera Bullets ndi Wanderers amaitanana neba monyogodola.

Mawu ena ndi zida zomenyera. Mu 1973 Paula Smith adalemba kankhani koseka olemba anzake, momwe munali mtsikana wangwiro pa zonse, wokondedwa ndi aliyense, dzina lake Mary Sue. Dzinalo lidasanduka dzina wamba la munthu wa m'nthano wopanda chilema, ndipo pambuyo pake lidayamba kuponyedwa pa mkazi aliyense wamphamvu wa m'filimu, mosayang'ana ngati wapangidwa bwino kapena ayi. Liwu lakuti stan lidayenda mobwerera. Lidachokera ku nyimbo ya Eminem ya mu 2000, yonena za wotsatira wosokonekera mutu amene adadziwononga, koma achinyamata adalitenga nadzitcha nalo monyadira, mpaka lidaloŵa m'dikishonale ya Oxford. Sikuti ukali wonse umathera m'mawu okha. Mu 2018 Kelly Marie Tran, wochita zisudzo mu Star Wars, adafufuta zithunzi zake pa Instagram atanyozedwa kwa miyezi chifukwa cha mtundu wake ndi maonekedwe ake. Wosanthula chiyankhulo asadzinamize kuti luso ndi nkhanza zimachokera kwa anthu osiyana. Kaŵirikaŵiri gwero lake ndi limodzi, ndilo maganizo akuti nthanoyo ndi yawo.

Maganizo ameneŵa sachilendo kwa amene adakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi. Nthano zimenezo zilibe mwini, wosimba aliyense amaonjezera zake, ndipo omvera amavomera namukonza akaphonya. Chachilendo ndi lamulo la umwini wa zolemba, limene limapatsa mlembi mmodzi kapena kampani mphamvu yoletsa ena. N'chifukwa chake Henry Jenkins, m'buku lake la mu 1992, adafanizira otsatiraŵa ndi alenje osaka m'nkhalango ya eni popanda chilolezo.

Pofuna kuteteza zolemba zawo, otsatira adakhazikitsa bungwe la Organization for Transformative Works mu 2007, ndipo mu 2009 lidatsegulira anthu nkhokwe ya nthano yotchedwa Archive of Our Own, imene idalandira mphotho ya Hugo mu 2019. Njira yake yosungira mawu ndiyo ikhudza mwachindunji ntchito yolinganiza ziyankhulo. Wolemba amaloledwa kuika pa nthano yake mawu alionse oizindikiritsa, m'kalembedwe kalikonse. Kenaka antchito odzipereka amasonkhanitsa mawu onse a tanthauzo limodzi nawamangirira ku liwu limodzi losankhidwa, kotero kuti wofufuza liwu losankhidwalo amapezanso nthano zolembedwa ndi mawu enawo. Palibe amene amauzidwa kuti walakwa.

Mabungwe a ziyankhulo m'chigawo chino adatsata njira ina. Baraza la Kiswahili la Taifa lidakhazikitsidwa ku Tanzania mu 1967, ndipo Chichewa Board ku Malaŵi mu 1972. Ntchito yawo idali kusankha liwu loyenera ndi kulamula kuti ligwiritsidwe ntchito m'sukulu, m'mabuku ndi pa wailesi. Njirayo idathandiza pa kalembedwe, koma idakankhira pambali mawu a m'madera ena, monga a Chinyanja cha ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Tete. Centre for Language Studies, imene idaloŵa m'malo mwa Board mu 1996, ndi ena onse okonza madikishonale a pa kompyuta angathe kumangirira ndi kuonetsa pamodzi chiyankhulo, chilankhulo ndi chinenero, kapena mawu ndi mau, osataya ngakhale limodzi. Chovuta chimene chatsala ndi chomwe chimavutanso antchito a nkhokwe ija: wina ayenerabe kusankha liwu limene enawo amangiriridwe, ndipo pa nthano zomasuliridwa m'ziyankhulo zambiri amakangana ngakhale pa kalembedwe ka dzina la munthu mmodzi.