Matipi Opanda Msonkho ku America: Wapindula Ndani?

M'dziko la United States of America muli mwambo umene umadabwitsa alendo ambiri. Munthu akatha kudya m'nyumba yodyera salipira mtengo wa chakudya wokha ayi, koma amawonjezerapo ndalama ina yothokozera amene wamuperekera chakudyacho. Ndalama imeneyi eni dziko amaitcha tipi, ndipo pa Chicheŵa ingatchedwe kangachepe, ngakhale kuti si yochepa konse, pakuti kaŵirikaŵiri imakhala madola 15 kufikira 20 pa madola 100 alionse amene munthuyo wadyera. Ometa tsitsi, oyendetsa matakisi, onyamula katundu m'mahotela ndi antchito a m'nyumba za juga nawonso amalandira matipi, ndipo kwa ambiri a iwo matipiwo amaposa malipiro enieni ochokera kwa abwana.

Kwa zaka zambiri boma la dzikolo linkaŵerengera matipi monga malipiro ena onse, nkumadulapo msonkho. Koma pa 4 Julaye 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lalikulu la misonkho lotchedwa One Big Beautiful Bill Act, limene mwa zina linachotsa msonkho pa gawo la matipi. Antchito ambiri anailandira nkhaniyi ndi nthungululu. Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu umenewu ndi wofunika kuung'amba, kuti chidziŵike chimene wantchito wapeza, chimene bwana wapeza, ndiponso amene watsala chimanjamanja.

Kumene mwambowu unachokera

Mwambo wa matipi unafika ku America kuchokera ku Ulaya, ndipo unazika mizu itatha nkhondo yapachiŵeniŵeni imene inathetsa ukapolo mu 1865. Kampani ya George Pullman, imene inali ndi mabogi ogonamo m'sitima zapamtunda, inalemba ntchito anthu akuda ambiri omasulidwa ku ukapolo kuti azitumikira apaulendo, ndipo inkawapatsa malipiro ochepa kwambiri podziŵa kuti apaulendowo adzawonjezera. Eni mahotela ndi nyumba zodyera ankachita chimodzimodzi. Anthu ena anaipidwa nawo mwambowo, nati ukusandutsa wantchito kukhala wopemphapempha, kotero kuti kuyambira mu 1909 zigawo zingapo za dzikolo, monga Washington, Mississippi ndi Iowa, zinaika malamulo oletsa matipi. Pofika mu 1926 malamulo onsewo anali atafafanizidwa, popeza anthu sankawamvera.

Mu 1966 nyumba ya malamulo inaloleza olemba ntchito kuŵerengera matipi monga gawo la malipiro, ndipo zotsatira zake zilipobe mpaka lero. Lamulo la boma lalikulu limati wantchito asalandire ndalama zochepera madola 7.25 pa ola, monga zinakhazikitsidwira mu 2009. Koma wantchito wolandira matipi bwana amaloledwa kumulipira madola 2.13 okha pa ola, ndipo ndalama imeneyi sinasinthe chiyambire 1991. Ngati matipi alephera kumufikitsa pa madola 7.25, lamulo limati bwana akwaniritse zotsalazo. Zigawo zambiri zinadziikira malipiro okwererapo, ndipo zigawo 7, zimene ndi Alaska, California, Minnesota, Montana, Nevada, Oregon ndi Washington, zimalamula kuti wolandira matipi apatsidwe malipiro athunthu, matipi akhale ongowonjezera. M'zigawo zina, monga Texas ndi Georgia, madola 2.13 aja akugwirabe ntchito.

Lonjezo la ku Las Vegas

Ganizo lochotsa msonkho pa matipi linamveka kwambiri pa nthaŵi yokopa anthu ku chisankho cha 2024. Mu Juni chaka chimenecho a Trump analonjeza pa msonkhano mumzinda wa Las Vegas kuti akaloŵa m'boma adzathetsa msonkhowo, ndipo pambuyo pake anafotokoza kuti nzeruyo anaitola kwa mayi wina woperekera zakudya amene anawadandaulira. Malowo sanasankhidwe mwangozi. Las Vegas ndi mzinda wa mahotela ndi juga, uli m'chigawo cha Nevada mmene zipani zazikulu ziŵiri zimapanikizana kwambiri pa mavoti, ndipo bungwe la antchito a m'mahotela la Culinary Workers Union lili ndi mamembala pafupifupi 60,000 m'chigawomo. Mu Ogasiti, mumzinda womwewo, mayi Kamala Harris a chipani cha Democratic analonjezanso chimodzimodzi. Zipani zodana zikagwirizana pa chinthu chokoma m'makutu, ofunsa mafunso amasoŵa. Mu Meyi 2025 nyumba ya Senate inavomereza bilu ya matipi ya a Ted Cruz popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa, ndipo patapita milungu yoŵerengeka ganizolo linaloŵa m'lamulo lalikulu lija.

Zimene lamulolo likunena

Mau oti matipi alibe msonkho ndi aakulu kuposa lamulo lenilenilo, pakuti lamulolo lili ndi malire asanu. Choyamba, matipi amene sadulidwa msonkho ndi osapitirira madola 25,000 pa chaka. Chachiŵiri, mwayiwu umayamba kuchepa munthu akamapeza ndalama zoposa madola 150,000 pa chaka, kapena 300,000 kwa banja. Chachitatu, msonkho umene wachotsedwa ndi wa boma lalikulu wa pa ndalama zimene munthu wapeza. Msonkho wina, wolipirira penshoni ya Social Security ndi chithandizo cha kuchipatala cha Medicare, umene ndi madola 7.65 pa 100 alionse, ukudulidwabe pa matipi onse, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ufulu wopitiriza kudula msonkho wakewake. Chachinayi, tipi iyenera kukhala yoperekedwa mwakufuna kwa wogula. Ndalama imene nyumba yodyera yailemba pa bilu mokakamiza siŵerengedwa. Ntchito yakenso iyenera kukhala imene inkadziŵika kale ndi matipi chaka cha 2024 chisanathe, ndipo unduna wa zachuma unatulutsa mndandanda wa ntchito zotere pafupifupi 70. Chachisanu, lamuloli ndi la zaka zinayi zokha, kuyambira 2025 kufikira 2028. Oŵerengera chuma a nyumba ya malamulo anati boma lidzataya pafupifupi madola 32 biliyoni chifukwa cha mwayi umenewu.

Antchito atatu

Aŵerengi odziŵa msonkho wa PAYE wa ku Malaŵi amvetsa msanga mmene msonkho wa ku America umayendera: ndalama zoyambirira sizidulidwa, ndipo malipiro akamakwera gawo la boma limakweranso. Mu 2025 munthu wosakwatira sankadulidwa msonkho pa madola 15,750 oyambirira. Pa zotsalazo boma linkatenga 10 pa 100 kufikira madola 11,925, kenaka 12 pa 100, kenaka 22 pa 100 kwa opeza bwinoko.

Mwachitsanzo, pakhale antchito atatu osakwatira, opanda ana. Woyamba amagulitsa m'sitolo, salandira matipi, ndipo amapeza madola 40,000 pa chaka. Msonkho wake ndi pafupifupi madola 2,670. Wachiŵiri amaperekera zakudya m'hotela yaikulu, nayenso amapeza madola 40,000, koma theka la ndalamazo ndi matipi. Msonkho wake tsopano ndi madola 425 okha. Anthu aŵiriŵa atuluka thukuta lofanana, apeza ndalama zofanana, koma wina wasunga madola oposa 2,200 amene mnzake wapereka ku boma. Wachitatu amaperekera tiyi m'kanyumba kodyera ka m'mbali mwa msewu, amagwira ntchito masiku oŵerengeka pa mlungu, ndipo amapeza madola 15,000 pa chaka pamodzi ndi matipi omwe. Ameneyu sankalipira msonkhowu ndi kale lomwe, choncho lamulo latsopanoli silinamuwonjezere ngakhale senti imodzi.

Wantchito wachitatuyu sali yekha. Akatswiri a Budget Lab pa yunivesite ya Yale anapeza kuti mu 2023 antchito olandira matipi analipo pafupifupi 4 miliyoni, kutanthauza aŵiri kapena atatu pa antchito 100 alionse m'dzikomo, ndi kuti mu 2022 anthu 37 pa 100 mwa iwo ankapeza ndalama zochepa kotero kuti sankalipira msonkho umenewu. Apa ndi pamene pali nyerere za mumkuyu. Kukhululukira msonkho kumathandiza amene ali ndi msonkho wolipira, ndipo kumathandiza kwambiri amene ali ndi msonkho waukulu. Pa matipi a madola 10,000, wodulidwa 12 pa 100 amasunga madola 1,200, wodulidwa 22 pa 100 amasunga 2,200, pamene wosaukitsitsa sasunga kanthu. Osauka ochuluka, monga osesa m'maofesi, osamalira nkhalamba ndi antchito a m'minda, salandira matipi nkomwe.

Ubwino ulipo ndithu, ndipo suyenera kubisidwa. Kwa wantchito wachiŵiri uja madola 2,200 ndi ndalama yooneka, yokwanira lendi ya mwezi umodzi kapena iŵiri. Komanso mwayiwu umaperekedwa pa matipi okhawo amene alembedwa m'mabuku. Wantchito amene kale ankabisa ndalama zapamanja tsopano ali ndi chifukwa choziululira, ndipo akatero penshoni yake ya ukalamba imakula, ndiponso amakhala ndi umboni wa ndalama zimene amapeza pokapempha ngongole ku banki.

Mbali ya olemba ntchito

Bungwe la eni nyumba zodyera la National Restaurant Association linalikonda lamuloli, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ndalama zimene wantchito amapita nazo kunyumba zakwera, koma bwana sanapise m'thumba. Wapisa ndi boma. Ntchito za matipi zakhala zokopa, choncho kupeza antchito kwapepuka. Lamulo lomweli linawonjezera mphatso ina. Chiyambire 1993 eni nyumba zodyera akhala akubwezeredwa, kupyolera m'kuchepetsedwa kwa msonkho wao, gawo lalikulu la ndalama za penshoni ndi chipatala zimene amalipira pa matipi a antchito. Mu 2025 mwayi umenewu unaperekedwanso kwa eni malo ometera ndi okonzera tsitsi.

Chimene chikudetsa nkhaŵa magulu omenyera antchito, monga la One Fair Wage, ndi chakuti lamuloli likhoza kufooketsa nkhondo yothetsa malipiro a madola 2.13. Wantchito akapempha kukwezedwa malipiro, bwana tsopano ali ndi yankho lokonzeka, lakuti boma lamukwezera kale. Bungwe la Culinary Workers Union, ngakhale linavomereza kuchotsa msonkhowu, linanena kuti malipiro otsikaŵa athetsedwenso. Ku Nevada, kumene wantchito amalandira malipiro athunthu osachepera madola 12 pa ola kuwonjezera pa matipi, mwayiwu ndi mafuta pamwamba pa ndiwo. Ku Texas ukhoza kukhala chifukwa chosiyira mphika wopanda ndiwo.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo olemba ntchito nawonso ali ndi matope ao. Ayenera kulemba mwadongosolo matipi a wantchito aliyense ndi mtundu wa ntchito yake, nkupereka ku boma. Eni nyumba zodyera amene anathetsa matipi, naika ndalama yokhazikika pa bilu kuti antchito onse azilandira mofanana, tsopano ali pa mpanipani, pakuti antchito ao alibe mwayi umene anzao a tsidya lina la msewu ali nao. M'khichini namonso muli madandaulo. Lamulo la 2018 limaletsa bwana ndi akapitao ake kutengako matipi, ndipo limalola kugaŵira ophika ndi otsuka mbale pokhapokha bwanayo akamalipira antchito onse malipiro athunthu. Kumene sakutero, wophika amapsa ndi moto tsiku lonse nalipira msonkho wonse, pamene wonyamula mbale yomweyo kupita nayo patebulo akukhululukidwa.

Palinso ogula. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center mu 2023 anapeza kuti anthu 72 pa 100 ankaona kuti matipi akufunidwa m'malo ambiri kuposa zaka zisanu zapitazo. Ngati mabwana ambiri angasandutse malipiro kukhala matipi pofuna mwayiwu, ogula akhoza kutopa nkuyamba kuumira, ndipo woyamba kumva kuŵaŵa adzakhala wantchito.

Fodya wa pamphuno

Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Malipiro olembedwa m'pangano la ntchito amabwera kaya kwagwa mvula kaya kwaŵala dzuŵa. Tipi imadalira nyengo, tsiku la mlungu ndi mtima wa wogula, ndipo wantchito woidalira amakakamizika kumwetulira ngakhale wogulayo akumunyoza. Mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa nyumba zodyera, matipi anauma tsiku limodzi. Wachinyamata amene akuchoka pasukulu kukafuna ntchito ya m'hotela, kaya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kaya ku Johannesburg, akauzidwa kuti malipiro ndi ochepa koma alendo ndi opatsa, angachite bwino kufunsa poyamba ndalama imene yalembedwa papepala.

Mwayi wa matipi opanda msonkho udzatha pa 31 Disembala 2028, patangopita milungu yochepa chichitikire chisankho china cha pulezidenti, ndipo andale adzakhala ndi mpata wolonjezanso chinthu chomwecho. Malipiro a madola 2.13 pa ola, amene akhala osasintha kwa zaka zoposa 30, lamulo la 2025 silinawakhudze.