Nyumba Zakale za Kunyanja ndi Nkhani ya Utsi

Munthu wochokera pa boma la Salima akatsata msewu wa tala wopita ku Senga Bay mpaka kumapeto kwake, amafika pa hotela ya Livingstonia Beach. Achikulire ena amaitchulabe Grand Beach, dzina lake la m'nthawi ya atsamunda. Lero hotelayi ili m'manja mwa kampani ya Sunbird, yomwe ilinso ndi Mount Soche ku Blantyre, Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, Nkopola ku Mangochi ndi zina zotero. Aliyense wokhala ndi nyumba zambiri chonchi, zina mwa izo zakalekale, akukumana ndi funso lomwe lavuta pa dziko lonse: kodi tingachepetse bwanji utsi wochokera m'nyumbazi popanda kuziwononga?

Utsi womwe tikunenawu si wokhawo umene umatilowa m'maso pophika. Nthawi zonse tikawotcha nkhuni, makala, dizilo kapena malasha, pamatuluka mpweya wosaoneka wotchedwa kaboni. Mpweyawu ukachuluka mumlengalenga umasunga kutentha monga limachitira bulangeti, ndipo nyengo imasokonekera. Ife a m'dziko muno taziona ndi maso: namondwe wa Freddy mu 2023, komanso madzi a m'nyanja omwe anakwera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo. N'zoona kuti dziko la Malawi limatulutsa mpweyawu pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera. Koma zomwe zimachepetsa utsi m'nyumba n'zomwezonso zimapulumutsa ndalama ndi mitengo, choncho nkhaniyi ndi yathu ndithu.

Ku Britain kuli bungwe la National Trust lomwe limasamala nyumba zakale mazanamazana. Imodzi mwa izo, Plas Newydd ku Wales, inamangidwa m'mbali mwa madzi monga hotela yathuyi. Inkatha mafuta ochuluka pofunditsa zipinda nthawi yachisanu, kufikira mu 2014 pamene anaikako makina okoka kutentha kuchokera m'madzi a m'nyanja. Makoma ake sanagumulidwe. Chomwe chinasintha ndi gwero la moto basi.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuyambira mu 2021 kuno ku Salima komweko kuli munda wa magalasi a sola wopereka mamegawati 60. Magetsi otere alibe utsi wochuluka. Vuto limayamba akazima. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo majenereta a dizilo anali kulira usana ndi usiku m'mahotela, m'zipatala ndi m'masitolo. Tikaonjezapo nkhuni zotenthetsera madzi osamba ndi makala a kukhitchini, tapeza kale komwe utsi wa nyumba za kunyanja umachokera. Mankhwala akenso sakhala amodzi kwa nyumba zonse. Ku Chawe alendo amafuna moto wowotha, pomwe ku Senga Bay mu Okutobala munthu amangofuna kamphepo.

Apa m'pamene nyumba yakale imatiphunzitsa. Amisiri akale ankamanga popanda makina oziziritsa, motero anaika nzeru zawo m'makoma ochindikala, denga lalitali, khonde lotambalala lotchinga dzuwa, ndi mazenera oyang'anizana kuti mpweya wa kunyanja uzilowa uku n'kutulukira uko. Zomvetsa chisoni n'zakuti anthu ambiri pokonza nyumba zotere amayamba ndi kutseka khonde kuti apezepo chipinda china, n'kumatanso timabowo ta mpweya ta pamwamba pa zitseko. Akatero nyumba ija imasanduka uvuni, ndiye agule fani, kenaka makina oziziritsa, kenaka jenereta yoti makinawo aziyendera. Aliyense amene anaphunzitsapo ana masana pansi pa malata opanda siling'i akudziwa kuti mwana sangagwire phunziro mutu ukuwira.

Chinthu china chomwe ambiri sachiwerengera ndi utsi wa pomanga. Nyumba yomwe yaima kale, njerwa zake zinawotchedwa kalekale, mitengo yake inadulidwa ndi agogo athu, ngongole imeneyo inatha. Tikaigwetsa kuti timange yatsopano, timayambanso kudula mitengo yowotchera uvuni ndi kugula simenti, pomwe kupanga simenti kokha kumatulutsa pafupifupi magawo 8 mwa magawo 100 a kaboni wa dziko lonse lapansi. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu. Inetu ndimaona kuti makomiti athu a misikiti ndi madarasa amafulumira kugwetsa akangomva kuti thandizo lapezeka. Khoma lolimba siliyenera kugwetsedwa chifukwa choti denga likudontha. Musinthe malata, mupake laimu, muonjezere chipinda m'mbali ngati anthu achuluka.

Nanga woyang'anira nyumba zingapo ayambire pati? Ayambe ndi kope ndi cholembera. Kwa miyezi ingapo alembe malita a dizilo, matumba a makala, mitolo ya nkhuni ndi mayuniti a magetsi a nyumba iliyonse payokha. Kawirikawiri nyumba imodzi ndiyo imapezeka kuti ikudya kuposa zinzake zonse, ndipo ndalama zoyamba zipite kumeneko. Zotsika mtengo zitsogole: mababu osadya magetsi, kutsegulanso mabowo a mpweya, kupaka denga utoto woyera, kubzala mitengo ya mthunzi kumbali yolowera dzuwa. Madzi osamba atenthedwe ndi thanki ya dzuwa, poti dzuwalo ku Salima silisowa.

Magalasi a sola abwere pomaliza, ndipo asakwezedwe pa denga lakale mmisiri asanaone ngati mitanda yake sinadyedwe ndi chiswe. Pomwe pali bwalo, ndi bwino kuwaika pansi kuseri kwa nyumba, pamalo okwera pomwe madzi a 2024 aja sanafike.