Kusanja mawu pa kompyuta: zikhulupiriro ndi zoona

Ku Kafue, monganso ku Lusaka, mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati ndi timapepala ta kutchalitchi timakonzedwa m'timashopu ta makompyuta. Ntchitoyi ndi yolemekezeka, koma pali zikhulupiriro zina zimene zimaiwononga.

Chikhulupiriro: Kompyuta imakonza yokha zolakwika.

Zoona: Ikaikidwa pa Chingerezi, imadula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingerezi. M'Chinyanja phatikizo limathera pa lembo la liwu, choncho timadula ku-mbu-ki-ra, osati kum-buk-ira. Zimitsani kadulidwe ka kompyutako, ndipo munthu wodziwa chinenerochi awerenge tsamba lonse lisanasindikizidwe. Dzina la malemu likalakwika pa makope onse, banja silidzaiwala.

Chikhulupiriro: Lembo la ŵ mulibe m'kompyuta.

Zoona: Lilimo. Mu Word lembani 0175, kenako dinani Alt ndi X pamodzi. Vuto ndi zilembo zina zokongoletsa zimene zilibe ŵ, moti pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena lembo losiyana ndi anzake. Yesani kaye musanasankhe.

Chikhulupiriro: Word ndi wokwanira pa ntchito iliyonse.

Zoona: Word adapangidwira kulemba. Kusanja masamba kuli ndi mapulogalamu ake: PageMaker wa 1985, InDesign wa 1999 amene adalowa m'malo mwake, ndi Scribus amene ndi waulere. Koma kaya mugwiritse uti, kabuku ka mapepala a A4 opindidwa pakati kamafuna masamba 4, 8, 12 kapena 16, chifukwa pepala lililonse limapereka masamba anayi.

Chikhulupiriro: Zooneka bwino pa foni zidzatulukanso bwino papepala.

Zoona: Chithunzi chosindikiza chimafuna madontho pafupifupi 300 pa inchi. WhatsApp amachepetsa chithunzi, n'chifukwa chake nkhope ya mkwatibwi imatuluka yachimbuuzi. Chitumizeni ngati document. Ntchito yomaliza iperekedwe ngati PDF, kuti zilembo ndi mizere zisasunthe pa kompyuta ya wosindikiza.

Chikhulupiriro: Mitundu yambiri ya zilembo ndiye kukongola.

Zoona: Iwiri ikukwana, wa mitu ndi wa nkhani. Wowerenga wathu nthawi zambiri ndi agogo amene akutsatira nyimbo m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira. Apatseni zilembo zazikulu bwino ndi mpata pakati pa mizere, kuti aimbe limodzi ndi anzawo.